Fulashi ya mafilimu a Charles Bronson pa Mangochi boma: musanyamuke nayo musanaiyese

Kufupi ndi msika wa pa Mangochi boma pali timashopu tambiri toika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, m'mamemore khadi ndi m'mafulashi. Pa burning centre ina pamenepo pali foda ya mafilimu a Charles Bronson yekhayekha, katswiri wa mafilimu wa ku America, ndipo anyamata ake amaigulitsa yonse pamodzi pa fulashi ya 32GB, kapena amakuikirani pa yanu ngati mwabwera nayo. Oigula kwambiri ndi eni mavidiyo sho a m'madoko a asodzi, cha ku Makawa, ku Malindi ndi ku Malombe, komanso azibambo amene anayamba kumuonera mkuluyu pa matepi a VHS. Fodayi ndi yoyenera kukhala nayo, koma osati momwe ikuperekedwera. Mukangolipira n'kunyamuka, mafilimu amene anamutchukitsa mukawapeza ali olumala, pamene a muukalamba wake, omwe ndi ofooka, ndiwo akuwala bwino.

Muli mafayilo 19, ndipo onse pamodzi akudya pafupifupi 22GB pa 29GB imene kompyuta imaonetsa pa fulashi ya 32GB. A m'zaka za m'ma 1960 alipo anayi: The Magnificent Seven, The Great Escape, The Dirty Dozen ndi Once Upon a Time in the West. Kenako Rider on the Rain, Red Sun, Chato's Land, The Mechanic, Mr. Majestyk ndi Hard Times. Death Wish ilipo yonse, kuyambira yoyamba mpaka yachisanu, kuphatikizapo Death Hunt, 10 to Midnight ndi Murphy's Law. Fayilo ya nambala 19 yalembedwa kuti Bronson, ya 2008. Imeneyo si yake. Ndi filimu ya Tom Hardy yonena za mkaidi wa ku Britain amene anangodzitcha dzinali, ndipo muli zamaliseche ndi zotukwana zambiri. Auzeni aichotse.

Kope loipa limamupweteka Bronson kuposa anzake onse a mafilimu a zibakera, ndipo chifukwa chake chili m'kaseweredwe kake. Anabadwa pa 3 November 1921 ku Ehrenfeld, Pennsylvania, ku America, dzina lake lili Charles Buchinsky, mwana wa nambala 11 pa ana 15 m'banja losauka lochokera ku Lithuania. Anagwirako ntchito mu mgodi wa malasha, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali woombera mfuti mu ndege ya B-29 ku Pacific. Analowa m'mafilimu mu 1951, n'kusintha dzina mu 1954, nthawi imene dzina lomveka ngati la ku Russia linkatha kumutsekera munthu ntchito ku Hollywood. Kutchuka kunamupeza atadutsa kale zaka 45, kuyambira ku Ulaya, ndipo kwawo ku America anadzamugonjera ali ndi zaka 52. Choncho Bronson amene dziko linamukonda anali kale munthu wamakwinya, wa timaso ting'onoting'ono, wolankhula pang'ono komanso motsitsa. Van Damme anthu amamuonera mateche, Schwarzenegger minofu. Zimenezo zimaoneka ndithu ngakhale pa kope lachimbuuzi. Koma Bronson luso lake lili pa kudikira, pa kuyang'ana munthu osaphethira, pa kukhala chete mpaka mdani atayamba kutuluka thukuta. Chithunzi chikadulidwa kapena mawu akasokonezedwa, palibe chotsala.

Tengani Once Upon a Time in the West ya 1968, imene anatsogolera Sergio Leone. Imayamba ndi amuna atatu akudikira sitima pa siteshoni ya m'chipululu kwa mphindi zoposa 10, popanda nyimbo. Chomveka ndi chitsulo cha mphero yamphepo chimene chikulira mosalekeza. Wina madzi akumudonthera pa chipewa, wina akulimbana ndi ntchentche mpaka kuitsekera mu mpope wa mfuti yake, wachitatu akuthyola zala. Sitima ikachoka ndi pamene kamveka kachitoliro ka pakamwa, ndipo Bronson waima tsidya lina la njanji. Filimuyi anaijambula yotambalala, mulifupi 2.35 pa msinkhu 1, kuti amuna atatuwo ndi mlendoyo aoneke onse pamodzi, pakati pawo pali mtunda. Kope la pa fulashiyi ndi lodulidwa m'mbali kuti lidzaze TV zakale za 4:3. Kudula kotereku kumataya gawo loposa 40 pa 100 alionse a chithunzi. Zotsatira zake, pa malo amenewa mumaona anthu awiri ndi phewa la wachitatu, ndipo kumapeto, pamene Bronson ndi Henry Fonda akuzungulirana asanaomberane, mmodzi amangotuluka ndi kulowa m'mphepete mwa sikirini.

Apa eni mavidiyo sho nawonso ali ndi mlandu. Kope labwino la filimuyi limakhala ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Oonera akayamba kudandaula kuti chithunzi chachepa, mwini wake amadina zoom pa rimoti, n'kudula yekha zimene burning centre sinadule. Ena amasankha kutambasula, ndiye anthu onse amatalika mitu. Mizere yakudayo si vuto la TV yanu. Isiyeni.

Vuto lachiwiri pa mafilimu ataliatali ndi kufinya. Mafayilo 10 pa fulashiyi ndi a 700MB, muyeso wakale wa nthawi imene filimu inkayenera kukwana pa CD imodzi. Pa filimu ya mphindi 93 ngati Death Wish yoyamba, ndiye kuti mphindi iliyonse yapatsidwa 7.5MB, ndipo pa TV ya mainchesi 24 n'zopiririka. Koma Once Upon a Time in the West ndi ya mphindi pafupifupi 165, The Great Escape 172, The Dirty Dozen 150. Pamenepo mphindi iliyonse ikungopeza 4MB kapena kupitirira pang'ono. Kuli ngati kuthira madzi m'thobwa la anthu asanu kuti likwane khumi. Kufinyaku kumaonekera kwambiri pamene pali mdima, utsi kapena fumbi, chifukwa chithunzi chimasweka kukhala timabokosi. Mu The Great Escape ya 1963, Bronson ndi Danny, katswiri wokumba ngalande yapansi yothawira m'ndende ya akaidi a nkhondo, koma mkati mwake ali ndi mantha aakulu a malo opanikizika. Usiku wothawawo magetsi a m'ngalandemo amazima, iye n'kuuma thupi. Munthu amene anagwirapo mu mgodi akusewera munthu woopa kukwiririka, ndipo ndi pamene anasewera bwino kuposa pena paliponse m'zaka zimenezo. Pa kope ili nkhope yake pamenepo ndi chibuluma cha timabokosi takuda.

The Magnificent Seven ya 1960 yapulumukako chifukwa zambiri zimachitika masana padzuwa. Bronson apa sanafike pokhala mwini filimu, mwini wake ndi Yul Brynner, ndiye musadabwe kumuona akufa poteteza ana a m'mudzi amene anamukonda. Mu The Dirty Dozen ya 1967, pansi pa Lee Marvin, ndi iye yekha pa akaidi 12 aja amene amabwerako wamoyo.

Nkhani ya omasulira ndi yofunika kuiona mofatsa, chifukwa ndi imene imadzaza mabenchi. Mafayilo atatu pa fulashiyi ali ndi mawu a DJ womasulira m'Chichewa: The Dirty Dozen, Death Wish 3 ndi The Mechanic. Pa The Dirty Dozen wagwira ntchito yotamandika. Filimuyi ili ndi zolankhula zambiri za asilikali akuluakulu, ndipo munthu wosamva Chingerezi sangadziwe chifukwa chake anthu oweruzidwa kuti anyongedwe kapena akhale zaka zambiri m'ndende akupatsidwa mfuti. DJ wafotokoza zimenezi momveka. Pa Death Wish 3 palibe chimene angawononge, nthabwala zake zikungowonjezera chisangalalo. Koma pa The Mechanic ya 1972 walakwitsa kwambiri. Mphindi zoposa 15 zoyambirira za filimuyi palibe amene amalankhula. Bronson, amene apa ndi Arthur Bishop, wopha anthu polipidwa, akuyang'anitsitsa chipinda cha munthu wina kuchokera m'nyumba ya tsidya la msewu. Mwini chipindacho akachoka iye amalowa, amasokoneza chitofu cha gasi, amasintha masamba a tiyi ndi ena ogonetsa, amabisa zophulika m'buku, n'kubwerera kukadikira usiku. Kukoma kwake n'kwakuti woonera azilumikiza yekha zinthuzi. DJ amaopa chete, ndiye walankhula kuyambira mphindi yoyamba, ndipo waulula za kuphulikako kusanachitike. Komanso womasulira akamalankhula amatsitsa mawu a filimu, choncho nyimbo ndi timaphokoso tonse timapita. Pemphani makope awiri, lomasulira la sho ndi losamasulira la kunyumba. Ndipo muonetsetse chaka, chifukwa pali The Mechanic ina ya 2011 ya Jason Statham, monganso pali Death Wish ya 2018 ya Bruce Willis ndi The Magnificent Seven ya 2016 ya Denzel Washington. Mnyamata wofulumira akalemba dzina pa kompyuta, zimayamba kubwera ndi zatsopanozi.

Mafayilo awiri amene ali bwino m'zonse, filimu yabwino komanso kope labwino, ndi Mr. Majestyk ya 1974 ndi Hard Times ya 1975. Onse ndi a 720p, pafupifupi 1.5GB lililonse, mawu omveka, chithunzi chosadulidwa. Mu Mr. Majestyk Bronson ndi mlimi wa mavwende ku Colorado amene chomudetsa nkhawa ndi chimodzi, kuti akolole mbewu zisanawolere m'munda, koma wakangana ndi chigawenga chimene akusewera Al Lettieri. Pali malo amene zigawengazo zimalowa m'shedi n'kuwaza zipolopolo pa mulu wa mavwende okolola kale. Aliyense amene analimapo amamva kuwawa pamenepo kuposa pamene munthu waomberedwa, ndipo filimuyi siifuna womasulira kwenikweni. Hard Times, yoyamba kutsogolera Walter Hill, ndi imene tingaiike pamwamba pa onse a ku America. Bronson ndi Chaney, woyendayenda wokwera sitima za katundu, amene wafika ku New Orleans m'zaka za umphawi za m'ma 1930, akumenya nkhonya zopanda magolovesi m'mafakitale ndi m'madoko, anthu akubetcha ndalama, James Coburn ali womupezera masewero wolongolola komanso wangongole. Bronson anali atapitirira zaka 50, koma akavula malaya palibe amene amaseka. Ndewu zake ndi zazifupi, zopanda kuuluka, zomveka fupa. Kwa sho ya kudoko, usiku umene asodzi sanalowe m'madzi chifukwa cha mwera, iyi ndi yoyamba kuiika.

Tsopano Death Wish, imene anthu ambiri amabwerera fodayi. Yoyamba ya 1974, ya Michael Winner, ndi filimu yolemera kuposa mmene ambiri amaikumbukira. Bronson ndi Paul Kersey, wojambula mapulani a nyumba ku New York, munthu amene anakana kugwira mfuti pa nkhondo ya ku Korea. Achifwamba apha mkazi wake n'kuchitira nkhanza mwana wake wamkazi. Chida chake choyamba ndi sokosi yodzaza ndi ndalama zachitsulo. Mfuti amachita kupatsidwa ngati mphatso ku Tucson, ndipo ataombera munthu koyamba amathamangira kunyumba kukasanza. Chimene ambiri sachiona n'chakuti anthu amene anawononga banja lake sawapeza mpaka filimu kutha. Onse amene akuwapha ndi ena. Brian Garfield, amene analemba buku lake, sanakondwe kuona oonera akuombera m'manja munthu wotereyu. Kuno tikudziwa zimene zimachitika pamsika munthu akangokuwa kuti wakuba, ndipo tikudziwa kuti nthawi zina wogwidwayo sakhala wolakwa. Filimu yoyambayi funso lakuti kodi n'koyenera munthu kudziweruzira yekha mlandu ili nalo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti pa fulashiyi ndi ya 700MB, usiku wa ku New York uli phulusa lokhalokha.

Ma Death Wish otsatira funsolo analitaya. Death Wish II ya 1982, yachitatu ya 1985 ndi yachinayi ya 1987 zinapangidwa ndi kampani ya Cannon ya Menahem Golan ndi Yoram Globus, pamodzi ndi 10 to Midnight ndi Murphy's Law. Pofika yachitatu, imene mbali yaikulu anaijambulira ku London ngakhale nkhani yake ndi ya ku New York, bambo wa zaka zoposa 60 akusesa mudzi wonse ndi mfuti yachiwaya, n'kumaliza ndi mzinga. Imasangalatsa pagulu, sitikana, koma Bronson mwini akuoneka wotopa. Yachisanu ya 1994 ndi yofooka kwambiri, ndipo inali yomaliza yake yoonetsedwa m'nyumba za kanema asanamwalire pa 30 August 2003. Mafayilo asanu ndi limodzi amenewa ndiwo a 1.8GB lililonse, oyera bwino, ndipo akudya pafupifupi theka la malo onse ogwiritsidwa ntchito.

Eni masho amene amalowetsa ana asukulu masana amve izi. Death Wish yoyamba ili ndi malo ogwiririra mkazi chakumayambiriro, yachiwiri ili ndi oipa kuposa pamenepo, ndipo Chato's Land ndi Rider on the Rain nazo zili nawo. Mu 10 to Midnight wakuphayo amakhala mbulanda popha atsikana. Fodayi ilibe chenjezo lililonse. Zoonera ndi banja lonse ndi The Magnificent Seven ndi The Great Escape.

Rider on the Rain ya 1970 ili m'Chifalansa popanda mawu olembedwa pansi. Filimuyi ilinso ndi kope la Chingerezi, ndiye pemphani limenelo, apo ayi akupatseni fayilo ya .srt, ya mawu olembedwa pansi. Fayiloyo ikhale m'foda imodzi ndi filimu ndipo dzina lifanane chilembo ndi chilembo, kupanda kutero TV siiona. Red Sun ya 1971, imene Bronson akuyenda ndi samurai, msilikali wa ku Japan (Toshiro Mifune), kusaka Alain Delon, mawu ake akutsalira pafupifupi sekondi imodzi. Pa VLC, pulogalamu yoonera mafilimu, mutha kukonza ndi mabatani a J ndi K pa kompyuta, koma TV zambiri sizingathe. Death Hunt ya 1981, ya m'chipale chofewa ku Yukon, ili bwinobwino.

Za fulashi yeniyeniyo, choyamba nenani chimene mukaonerepo musanayambe kukopera. Ma DVD player okhala ndi polowetsa USB, amene akadali ambiri m'masho, amawerenga AVI ya Xvid kapena DivX yosapitirira 720 kwa 576, ndipo MKV saidziwa. TV zambiri za flati zimawerenga MP4 ya H.264. Mafayilo anayi pano ndi a x265, amene amatchedwanso HEVC, ndipo pa TV yakaleko mumangomva mawu sikirini ili bii, kapena imakana kutsegula. Mukaona chithunzi popanda mawu, ndiye kuti mawuwo ndi a DTS kapena AC3 amene TV yanu siitha. Palinso vuto la mawu a 5.1, okonzedwera masipika asanu ndi imodzi, pa masipika awiri: zolankhula zimakhala pa sipika yapakati imene inu mulibe, choncho mfuti imagonthetsa m'khutu koma Bronson, amene amalankhula motsitsa kale, samveka. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi, kusintha fayilo ndi pulogalamu ya HandBrake kuti ikhale MP4, H.264, mawu AAC stereo. Anyamata a pamenepa pulogalamuyi ali nayo ndipo amaidziwa, kungoti pa kompyuta yawo filimu yaitali imatha kudya ola kapena kupitirira, ndiye sayamba okha ngati simunanene. Siyani fulashi m'mawa mukaitenge madzulo. Pa foni ikani VLC, imatsegula mitundu yonseyi, ndipo mufunika kachingwe ka OTG kolumikizira fulashi ku foni.

Fulashi ifomatidwe FAT32, chifukwa exFAT TV zakale ndi ma DVD player saiwerenga. Malire a FAT32 ndi akuti fayilo imodzi isafike 4GB, ndipo palibe filimu pano yofunika kufika pamenepo.

Mafulashi otchipa a m'misika ena ndi onama. Amalemba 32GB, kompyuta imaonetsanso choncho, koma mkati muli 8GB yokha. Kukopera kumatha popanda kudandaula, mafilimu oyamba kulowa amasewera, otsatira onse maina alipo koma satseguka. Pulogalamu ya H2testw imagwira bodzali polemba fulashi yonse n'kuwerenganso. Ngati nthawi palibe, tsegulani mafayilo atatu omaliza kukopedwa, osati oyamba, ndipo lililonse mulidumphitse pakati ndi kumapeto. Fulashi zimene akugulitsa pa burning centre imeneyi ndi zenizeni, koma ndi za USB 2.0 zolemba pafupifupi 5MB pa sekondi, kotero 22GB imatenga ola ndi mphindi 15. Magetsi akazima pakati, fayilo imene inali kulowa imaduka, ndipo kompyuta yawo ilibe batire yodikirira. Yanu ya USB 3.0, yolowetsa pabowo labuluu, imafulumira kwambiri. Musalole kuti aizule osadina eject.

Kompyuta yolowa mafulashi a anthu tsiku lonse siisowa vairasi ya shortcut. Mukafika kunyumba n'kupeza mafoda asanduka timivi, mafilimu sanafufutike, angobisidwa. Musadine timivito. Sikanani fulashi kaye, kenako pa Command Prompt lembani chilembo cha fulashi, mwachitsanzo E: ndi Enter, ndiyeno attrib -h -r -s /s /d, mafoda abwerera. Pa TV vairasiyi siichita kanthu, koma TV zina siziona foda yobisika.

Kalandiridwe ka anyamatawa ndi kabwino. Munthu wamkulu amamupatsa mpando, amalankhula Chichewa ndi Chiyao, ndipo fayilo ikakana amaikanso osalipiritsa mukabwera nayo fulashi. Chofooka chawo n'chakuti Bronson samudziwa. Kwa iwo ndi dzina la foda, ndiye sangazindikire kuti kope ladulidwa kapena kuti Tom Hardy wasochera. Inu ndi amene muyenera kunena chimene mukufuna: makope a 720p osadulidwa a Once Upon a Time in the West ndi The Great Escape a pafupifupi 3GB lililonse, The Dirty Dozen ya 2.5GB, Death Wish yoyamba ya 1.5GB, ndi The Mechanic yosamasulira. Zimenezi zifuna malo owonjezera oposa 8GB, pamene otsala ndi 7GB. Mukachotsa Bronson ya 2008 ndi Death Wish yachisanu mwapeza 3GB ina, ndipo zonse zikwana, n'kutsalanso malo a Breakheart Pass ya 1975, ya kuphana mu sitima ya pamtunda, imene m'fodamu mulibe koma amatha kukupezerani mukawapatsa masiku awiri.